MBIRI YA MAPHUNZIRO A ZA CUMA NDI CITUKUKO MU LUSAKA

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tiri nao ana amene anadzera m'manja mwathu napita ku Lusaka kukaphunzira pa Yunivesite. Ena mwa iwo akabwera pa chuthi amanena kuti akuphunzira za cuma, ena za citukuko. Pamenepo makolo ao amadza kwa ife nafunsa kuti, "Aphunzitsi, dokotala timdziwa, loya timdziwa, nanga mwana wathuyu adzakhala ndani?" Funso limeneli nloyenera, ndipo mphunzitsi sayenera kulipita pambali. M'nkhani ino ndifuna kulondola mbiri ya maphunziro amenewa m'dziko lathu, kuti tione kumene anacokera ndi zipatso zimene anabala. Mbiriyi itionetsa kuti kwa nthawi yaitali cuma ca dziko lino cinawerengedwa ndi alendo, ndi kuti ngakhale titayamba kudziwerengera tokha, cimene cimasowa kawirikawiri m'mabuku a owerengawo ndico moyo wa kumidzi kumene ife tigwirako nchito.

Amene anakwerapo basi yocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke adziwa kuti isanafike pa Intercity imapita pa Chongwe, pamene pali njira ya ku Chalimbana, nidzera pa Chelstone ndi pa Munali, kenaka nyumba zazitali za Yunivesite ya Zambia zimaoneka ku dzanja lamanzere. Zambiri zimene ndikambe zinacitika m'mbali mwa mseu umodzi umenewu.

PAMENE ALENDO ANATIWERENGERA CUMA

Migodi yaikulu ya mkuwa inayamba kutulutsa cuma cace kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930. Nthawi imeneyo m'dziko la Northern Rhodesia munalibe sukulu ya Boma ya sekondale ya ana a anthu akuda, pakuti ya Munali inayamba m'caka ca 1939. Cotero panalibe mwana wa dziko amene akadatha kutsegula mabuku a makampani ndi kufunsa kumene phindu linkapita. M'caka ca 1938 Sir Alan Pim, amene anatumidwa ndi Boma la Britain kudzafufuza za ndalama za dziko lino, anatulutsa lipoti lace. Zinaoneka poyera kuti phindu lalikulu la mkuwa linali kuoloka nyanja. Eni ace a migodi anali kunja. Kampani ya British South Africa inali kulandira gawo lace pa mkuwa wonse wokumbidwa, cifukwa ca mapangano amene inati inacita ndi mafumu monga Lewanika. Ndiponso, popeza malikulu a makampani anali ku London, gawo lina la msonkho linali kutsala komweko. Zotsalira Boma la kuno zinali zocepa, ndipo katundu wa kuphunzitsa ana a m'midzi anasenzedwa makamaka ndi mamishoni.

Mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu m'malo mwa Livingstone m'caka ca 1935, unamangidwa monga mwa maganizo omwewo. Pamtunda pa Ridgeway, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi ku Kabulonga, Azungu anapatsidwa malo aakulu a mitengo ndi maluwa. Anthu akuda anamangiridwa ku Kabwata tinyumba tozungulira ta udzu ta cipinda cimodzi, poganiza kuti munthu wakuda ndi mlendo m'tauni, wodzagwira nchito zaka zowerengeka ndi kubwerera kwao. Tinyumba tina ta mtundu umenewo tinasungidwa pa Kabwata Cultural Village kuti tikhale cikumbutso.

Maganizo amenewa anayamba kutsutsidwa ndi anthu a nyumba ya ofufuza yochedwa Rhodes-Livingstone Institute, imene inakhazikitsidwa ku Livingstone m'caka ca 1937. Mkulu wace woyamba, Godfrey Wilson, anakhala pakati pa anchito a ku Broken Hill, kumene lero tikucha Kabwe, nawafunsa za malipiro ao, cakudya cao ndi zaka zimene anakhala kutali ndi kwao. Anapeza kuti ambiri sanalinso alendo ai, koma anthu okhazikika m'tauni, ngakhale malipiro ndi nyumba zao zinali za munthu wosakwatira. Anaonetsanso kuti kulemera kwa mgodi ndi kusauka kwa mudzi ndi nkhani imodzi, pakuti mudzi ndiwo unalera mnyamata, ndipo ndiwo unamlandiranso atakalamba kapena atapweteka, kampani osalipirapo kanthu. Akulu a mgodi sanakondwere naye, ndipo m'caka ca 1941 anasiya nchito. Mai wina, Audrey Richards, anali atalemba kale m'caka ca 1939 za njala ya m'midzi ya Abemba, kumene amuna odula mitengo ya citemene anali atapita ku migodi. Ife a Kum'mawa sitifunika buku kuti timvetse zimenezi, pakuti palibe mudzi umene unalibe machona ace.

Koma amene ndifuna kuti timkumbukire makamaka ndiye Phyllis Deane, mtsikana wa ku Britain wophunzira za cuma. Iye ali ku London anapatsidwa nchito ya kuwerenga cuma conse cimene Northern Rhodesia ndi Nyasaland zinkapanga pa caka. Njira imene anaphunzitsidwa inali ya maiko kumene pafupifupi kanthu kali konse kali ndi mtengo wace pa msika. Nkhondo yaciwiri itatha anadza kuno yekha, nakhala m'midzi mothandizidwa ndi a Rhodes-Livingstone. Kumeneko anakomana ndi funso limene linamsautsa. Cimanga ca m'nkhokwe cimene sicigulitsidwa, nkhuni zimene mai atola, madzi amene atunga, ufa umene asinja, mowa umene afulula kuti anthu amlimire, kodi zimenezi ndi cuma kapena ai? Akazisiya, ndiye kuti mabuku adzanena kuti anthu ambiri a m'dziko, makamaka akazi, sapanga kanthu. Akaziwerenga, adzazipatsa mtengo wanji? Buku lace, Colonial Social Accounting, linatuluka m'caka ca 1953, ndipo funso lacelo likali kuvutitsa ophunzira za cuma kufikira lero.

Tisaiwale kuti ofufuza onsewa sakadatha kanthu popanda ana a dziko amene anawamasulira cinenero, nalowa m'nyumba za anthu, nalemba mayankho. Ambiri a iwo anali anyamata ocokera m'sukulu za mishoni. Maina ao sanalembedwe pa zikuto za mabuku, koma ndiwo oyamba a mtundu wathu kugwira nchito imeneyi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 nyumba ya ofufuzayo inasamukira ku Lusaka, kufupi ndi Munali.

UFULU NDI YUNIVESITE

M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndalama zambiri za mkuwa zinapita ku Salisbury, ndipo koleji ya maiko atatuwo inamangidwa komweko. Ana athu olowamo anali owerengeka, cifukwa inafuna mayeso apamwamba amene sukulu zocepa zokha za kuno zinkaphunzitsa. Pa 24 October 1964, tsiku limene tinalandira ufulu, m'dziko lonse munali anthu akuda a digiri pafupifupi 100 okha. Madzulo a tsiku la ufulu lisanafike, kampani ya British South Africa inavomera kusiya gawo lace la mkuwa italandira mapaundi 4 miliyoni, theka locokera ku Zambia ndi theka ku Britain. Tsono cuma cinabwera m'manja mwathu, koma anthu odziwa kuciyendetsa anali osakwanira.

M'caka ca 1963 bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linali litalangiza kale kuti dziko limange yunivesite yaceyace, yoyang'ana zosowa zenizeni za anthu ace, koma yolemekezekanso pakati pa mayunivesite ena. Linalangiza kuti ana azilowa ndi School Certificate ndi kuphunzira zaka zinai, ndi kuti anthu a pa nchito, monga aphunzitsi, aziloledwa kuphunzira mwa makalata. Anthu wamba m'midzi ndi m'matauni anasonkha ndalama zao kuthandiza nchitoyo. M'mwezi wa March 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway, m'nyumba za Oppenheimer College, ndipo m'mwezi wa July caka comweco Dr. Kenneth Kaunda anaika mwala wa maziko pa malo a mseu wa Great East. Poyamba panali zigawo zitatu: ca uphunzitsi, ca sayansi, ndi ca maphunziro a za anthu ndi makhalidwe ao. Za cuma zinalowa m'cigawo cacitatuci, ndipo m'kupita kwa nthawi munabadwanso nthambi ya za citukuko. Nyumba ya Rhodes-Livingstone nayo inalowa m'Yunivesite, ndipo m'caka ca 1996 inachedwa Institute of Economic and Social Research.

Apa ndiyankhe funso la makolo lija. Wophunzira za cuma amaphunzira cifukwa cace mitengo ya zinthu ikwera ndi kutsika, m'mene Boma lisonkhetsera ndi kugawa ndalama, nchito ya mabanki, ndi malonda a pakati pa maiko. Masamu amakhala ambiri ndithu. Wophunzira za citukuko amafunsa cifukwa cace maiko ena analemera ena nasauka, ndipo amawerenga mbiri, za malo olima, za ulamuliro, za thanzi ndi za nchito za akazi. Akatsiriza amagwira nchito m'maunduna a Boma, ku Banki Yaikulu, m'mabanki ena, m'mabungwe othandiza anthu, kapena m'sukulu monga ife.

CENJEZO LA DUDLEY SEERS

M'caka ca 1964 bungwe la United Nations linatumiza akatswiri otsogozedwa ndi Dudley Seers kudzalangiza Boma latsopano. Seers anali atalemba kale kuti mabuku a za cuma a ku Ulaya afotokoza maiko owerengeka olemera, ndipo sayenera kumezedwa osatafuna m'maiko osauka. Lipoti lace linacenjeza za kudalira mkuwa wokha, umene unkabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 ziri zonse zocokera kunja. Linacenjezanso kuti malipiro a m'tauni akakwera mofulumira, nchito zatsopano zidzacepa ndipo mlimi adzatsalira m'mbuyo. M'caka ca 1966 anchito a m'migodi anawonjezeredwa 22 pa 100, ndipo anchito ena anatsatira. Palibe angatsutse kuti anali ataponderezedwa nthawi yaitali, koma mitengo ya mbeu za mlimi sinakwere mofanana, ndipo anyamata anapitirira kucoka m'midzi. Makomboni osaloledwa ndi Boma anakula, ndipo limodzi la iwo, Kalingalinga, linayandikana ndi mpanda wa Yunivesite weniweniwo, monganso Mtendere ayandikana ndi Kabulonga.

M'caka ca 1969 Seers, ali mkulu wa sukulu ya za citukuko ku Sussex, anaphunzitsa kuti pofuna kudziwa ngati dziko likutukuka tisayang'ane kukula kwa ndalama zace kokha, koma tifunse ngati umphawi ukucepa, ngati osowa nchito akucepa, ndiponso ngati mpata wa pakati pa olemera ndi osauka ukucepa. Mafunso atatu amenewa anafalikira m'mayunivesite a maiko ambiri, ndipo mwana wa Giredi 7 angathe kuwamva.

Zaka zoyambazo zinali za ciyembekezo cacikulu. Motsogozedwa ndi John Mwanakatwe, nduna yoyamba ya maphunziro, sukulu za sekondale zinamangidwa m'maboma ambiri, ndipo ophunzira a sekondale anacuruka kucokera pa 14,000 m'caka ca 1964 kufika kupitirira 50,000 m'caka ca 1970. Ku Mulungushi m'mwezi wa April 1968, ndi ku Matero m'mwezi wa August 1969, Boma linalengeza kuti litenga magawo 51 pa 100 a makampani aakulu ndi a migodi. Ana oyamba a digiri ya za cuma anapeza mipando ikuwadikira. Pa Yunivesite aphunzitsi monga Ann Seidman, amene anatsogolera nthambi ya za cuma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, anaphunzitsa kuti Zambia iri ngati maiko awiri m'dziko limodzi, la m'mbali mwa njanji ndi la kutali ndi njanji.

PAMENE MKUWA UNAGWA

M'caka ca 1973 mtengo wa mafuta unakwera kwambiri, ndipo malire a Rhodesia anatsekedwa. M'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Tiyeni tione bwino m'mene cinthu cocitika ku London cimafikira pa sukulu ya kumudzi. Mtengo wa mkuwa umaikidwa pa msika wa zitsulo wa mumzinda umenewo. Ukatsika, migodi sipeza phindu, ndipo msonkho wace ucepa. Boma silingaleke kulipira anchito ace, cotero liyamba kudula zimene sizilira: coko, mabuku, madesiki, nyumba za aphunzitsi ndi miseu ya kumidzi. Ndalama zakunja zikacepa, feteleza ndi zitsulo za magalimoto zisowa, ndipo cimanga cionongeka pa depoti cisanatengedwe. Mlimi akacedwa kulipidwa, mwana wace aleka sukulu. Mphunzitsi amene aona mpando wopanda mwana m'kalasi mwace aona mapeto a cingwe cimene cinayambira kutsidya kwa nyanja.

Boma linakongola ndalama poyembekeza kuti mkuwa udzakweranso msanga, koma unacedwa zaka zambiri. Eni nkhongole, makamaka bungwe la IMF ndi Banki ya Dziko Lonse, anadza ndi akatswiri ao ndi malamulo ao. M'mwezi wa October 1985 ndalama zakunja zinayamba kugulitsidwa kwa wolipira zambiri mlungu ndi mlungu, ndipo dola imodzi, imene inali pafupifupi K2, inafika pafupifupi K21 m'mwezi wa April 1987. Pamene mtengo wa ufa unakwezedwa m'mwezi wa December 1986 kunabuka cipolowe ku Copperbelt, ndipo anthu anafa. Pa 1 May 1987 Dr. Kaunda anathetsa pangano ndi IMF, koma patapita zaka ziwiri Boma linabwereranso kwa iwo. M'mwezi wa June 1990 ufa unakweranso, ophunzira a pa Yunivesite anatuluka mu mseu wa Great East, cipolowe cinafalikira mu Lusaka, ndipo anthu oposa 20 anataya moyo. M'mwezi wa November 1991 cipani ca MMD cinalowa m'Boma. Makampani a Boma anagulitsidwa, ndipo migodi yaikulu inatsiriza kugulitsidwa m'caka ca 2000.

Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona kuti alangizi akunja ananena zina zoyenera, monga za kutayika kwa ndalama m'makampani a Boma. Komanso akulu omwewo anati mlendo ndi mame. Iye alemba lipoti lace nakwera ndege, koma wotsala ndi zotulukapo zace ndiye mwini mudzi. Pamene bungwe la NAMBOARD linathetsedwa m'caka ca 1989, ndipo pambuyo pace malonda a cimanga anasiyidwa m'manja mwa ogula wamba, mlimi wa pafupi ndi njanji anapeza womgula, koma wa kutali anatsala ndi matumba ace. M'caka ca 2004 aphunzitsi zikwi zingapo otsiriza maphunziro ao anakhala pa khomo osalembedwa nchito, ana ali odzaza m'makalasi, cifukwa Boma linali litalonjeza eni nkhongole kuti malipiro a anchito ace sadzapitirira malire ena.

ANA A DZIKO PA MIPANDO

Pang'ono ndi pang'ono ana a dziko analowa m'malo a alendo. Dr. Justin Zulu anakhala Mzambia woyamba kutsogolera Banki Yaikulu m'caka ca 1967. Dr. Jacob Mwanza anatsogolera Yunivesite, ndipo pambuyo pace Banki Yaikulu. Dr. Caleb Fundanga, amene anaphunzira ndi kuphunzitsa za cuma pa Yunivesite, anatsogolera bankiyo kuyambira 2002 mpaka 2011. Ng'andu Magande, mmodzi wa ophunzira a zaka zoyamba, anali nduna ya za cuma pamene dziko linakwaniritsa zofunika kuti likhululukidwe nkhongole m'mwezi wa April 2005. Nkhongole ya madola 7 biliyoni inatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi. Dambisa Moyo, mwana wa mu Lusaka, anagwedeza maiko m'caka ca 2009 ndi buku lace lochedwa Dead Aid, lotsutsa kudalira thandizo lakunja. Hakainde Hichilema, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko m'caka ca 2021, nayenso anaphunzira za cuma pa Yunivesite yomweyo.

Koma tisafulumire kuomba m'manja. Pakati pa 2012 ndi 2015 dziko linakongolanso madola 3 biliyoni pa misika ya kunja, kuwonjezera pa nkhongole zina, ndipo m'mwezi wa November 2020 linalephera kulipira. Nthawi imeneyi sitikadati tinalibe ophunzira. Digiri imaphunzitsa munthu kuwerenga, koma siimsankhira cimene awerenge, ndiponso siikakamiza olamulira kumvera. Ncifukwa cace ndiyamika nchito ya ansembe a Cijezuiti a bungwe la JCTR mu Lusaka, amene kuyambira zaka za m'ma 1990 anayamba kulemba mwezi ndi mwezi mtengo wa ufa, ndiwo, makala, sopo ndi lendi zofunika pa banja limodzi, nazilinganiza ndi malipiro a anchito monga aphunzitsi ndi anamwino. Kuwerenga kotere kuyambira pa mafuwa, pamene Phyllis Deane anaona kuti mabuku ace anaperewera.

GAWO LATHU

Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'caka ca 2002, ndipo m'mwezi wa January 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12. Caka comweco Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Cotero njira yocokera m'kalasi mwathu kufika pa Yunivesite yatseguka koposa m'masiku a makolo athu. M'mera mpoyamba, ndipo mbeuzo ziri m'manja mwathu.

Ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, tilimbike pa masamu, makamaka magawo ndi maperesenti, pakuti ndiwo khomo la maphunziro amenewa, ndipo atsikana asatsalire. Caciwiri, masamuwo acokere pa zimene ana aona. Awerenge matumba amene munda wa kwao unabala, mtengo wa feteleza ndi mbeu, masiku amene amai ao analima ndi kupalira, kenaka apeze okha ngati wogula analipira mtengo woyenera. Cacitatu, pa sukulu iri yonse pakhale buku lolembamo mwezi ndi mwezi mitengo ya cimanga, nsawawa, mcere ndi sopo, masiku a mvula, ndi ciwerengero ca ana olomba pa nyengo ya njala. Patapita zaka khumi buku lotere lidzanena za mudzi wathu zimene lipoti la mlendo silinganene.

Mwana woleredwa motere akadzakhala mu ofesi ku Ridgeway, nauzidwa kuti dziko likulemera, adzafunsa kuti, "Nanga kwathu?" Ndipempha akulu a nthambi zathu kuti nkhani imeneyi ikambidwe pa misonkhano ikudzayi, ndipo amene adzayamba buku la mitengo atilembere m'kalata yathu ino, kuti enafe tiphunzireko.